Mpheta za mu London m'Nyengo ya Chisanu

Amayi anzanga, m'mwezi wa Januwale mzinda wa London umakhala wa mdima ndi chisanu. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo 5 koloko madzulo isanakwane limakhala litalowa kale. Mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndipo udzu wa m'mabwalo umadzuka utayera mbuu ndi chisanu. Monga mmene mwezi umenewu ulili wa njala kwathu, nkhokwe zitapepuka chimanga chisanache, kumenekonso ndi mwezi wa njala, koma kwa mbalame. Tizilombo timabisala, njere zimasowa, ndipo kambalame kamene sikanakhute masana kakhoza kufa ndi kuzizira usiku womwewo.

Chifukwa cha ichi, anthu a ku Mangalande ali ndi mwambo wodyetsa mbalame. Nyumba zawo zambiri n'zanjerwa, zomangidwa mogundizana m'mizere, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kabwalo kopapatiza. M'kabwalo kameneka amapachika timabotolo tobowola ndi timadengu tawaya, momwe amathiramo mtedza, njere za mpendadzuwa, mawere ndi mafuta a ng'ombe owumitsa. Mayi wa pakhomo akamatsuka mbale amayang'ana pazenera n'kumaona alendo ake akudya.

Mlendo wodziwika koposa pa zodyetsera zimenezi ndi mpheta. Tikunena mpheta yomwe ija timaiona m'matauni mwathu pa chigayo, pamsika ndi pa depoti ya basi: yaimuna ili ndi kapewa kotuwa pamutu ndi banga lakuda pakhosi ngati ndevu, yaikazi ndi yofiirira mopanda zokongoletsa. Kuno kwathu ndi yobwera. Anthu anaifikitsa pa sitima zapamadzi ku South Africa, ndipo inafalikira kumpoto mpaka kufika m'Malawi m'zaka za m'ma 1960. Koma ku London ndi mwininyumba weniweni, kotero kuti eni mzindawo ankaitcha Cockney sparrow, dzina limene ankaitanirananso okhaokha posonyeza chikondi.

Wofuna kumvetsa zimene zagwera mbalame imeneyi ayambire ku Kensington Gardens, munda waukulu wachifumu wogundizana ndi Hyde Park pakati pa mzinda. Ine ndinauyenda m'mawa wina wozizira, kuyambira pa nyumba yachifumu ya Kensington, kuzungulira dziwe lotchedwa Round Pond, mpaka pa chipilala chokumbukira Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria. Mbalame zinalipo zambiri. Nkhunda zinali kuyenda pakati pa miyendo ya anthu mopanda mantha, abakha ndi atsekwe anali pa dziwe, ndipo zinkhwe zobiriwira, zimene makolo ake anachokera kumaiko otentha, zinali kutera m'manja mwa ana. Mpheta sindinaione ngakhale imodzi, ndipo kulira kwake sindinakumve.

Kale sizinali chomwecho. Mu Novembala 1925 mnyamata wa zaka 21, dzina lake Max Nicholson, anawerenga mpheta m'munda womwewu ndipo anapeza 2,603. Pamene anthu anawerenganso mu 1948 zinali 885, ndipo mu 1975 zinali 544. M'chaka cha 2000 Nicholson, ali nkhalamba ya zaka 96, anabwereranso kukaona kuwerengako. Tsiku limenelo zinapezeka mpheta 8 zokha.

Kuchepa koyambako chifukwa chake n'chosavuta kumva. London wakale anali mzinda wa akavalo. Akavalo ndiwo ankakoka ngolo za katundu ndi za anthu, ndipo mpheta zinkatola njere zotayika m'matumba odyetsera akavalowo ndiponso zotsalira mu ndowe zawo. Galimoto itabwera, akavalo anachoka, nkhokwe ya mpheta n'kutsekeka. Koma kugwa kwachiwiri, kumene kunakula m'zaka za m'ma 1990, kunazunguza mitu ngakhale akatswiri. Pa mlatho wa m'munda wa St James's Park, pomwe anthu ankaima ndi nyenyeswa za buledi mpheta n'kumatera m'manja mwawo, mbalamezo zinatheratu. M'chaka cha 2000 nyuzipepala ya The Independent inalonjeza mapaundi 5,000 kwa aliyense amene akanafotokoza mwasayansi chimene chikupha mpheta, ndipo mu 2002 mbalameyi inalembedwa pa mndandanda wofiira wa mbalame zodetsa nkhawa m'dziko la Britain. Akatswiri anawerengera kuti pakati pa 1977 ndi 2008 dzikolo linataya mpheta 71 pa 100 zilizonse.

Kuti munthu aione mpheta masiku ano ayenera kukwera sitima kuchoka pakati pa mzinda kupita kumadera a m'mphepete, komwe kuli nyumba zakale za anthu wamba. Kumeneko, pa mpanda wa zitsamba zowirira pafupi ndi kanjira, ndinamva phokoso lija timalidziwa tonse, ngati la amayi pa mjigo. Mpheta zinali m'kati mwa mpandawo, zikutuluka ziwiriziwiri kupita pa chodyetsera cha nyumba yoyandikana ndi kubwerera msanga. Nditayenda misewu iwiri yokha, kunalinso zii. Mpheta ndi mbalame yokonda pakwawo, siuluka kutali ndi pomwe inabadwira. Gulu likatha pamalo, pamatenga nthawi yaitali kuti lina lidzalowe.

M'madera otere ndi momwe mumachitika kuwerenga kwakukulu kwa chaka ndi chaka. Bungwe loteteza mbalame la RSPB, limene linayambitsidwa mu 1889 ndi mayi wotchedwa Emily Williamson ku Didsbury, mu Manchester, pofuna kuletsa kupha mbalame chifukwa cha nthenga zokongoletsera zipewa, linayamba mu 1979 ntchito yotchedwa Big Garden Birdwatch. Poyamba inali ya ana, koma pambuyo pake akuluakulu analowamo. Kumapeto kwa Januwale munthu amakhala pazenera kwa ola limodzi, n'kulemba mtundu uliwonse wa mbalame yotera m'bwalo mwake ndi chiwerengero chachikulu chimene waona pa nthawi imodzi. Mu 2024 anthu oposa theka la miliyoni anachita nawo.

Zotsatira zake zili ndi nkhope ziwiri. Kwa zaka zoposa 20 zotsatizana, kufikira 2024, mpheta ndiyo inali pa nambala yoyamba. Wongomva zimenezi akhoza kuganiza kuti zonse zili bwino. Koma poyerekeza ndi 1979, mpheta zooneka pa bwalo limodzi zinali zitachepa ndi kuposa theka. Mbalame ikhoza kukhala yochuluka kuposa zinzake kwinaku ikutha, ndipo diso la tsiku ndi tsiku silingazindikire. Chimene chinaulula ndi cholembera ndi pepala, chaka ndi chaka, m'manja mwa anthu wamba.

Nanga mpheta ingathe bwanji pamene chakudya chapachikidwa pakhomo lililonse? Kafukufuku amene Kate Vincent anachita mumzinda wa Leicester anasonyeza kuti vuto lalikulu limagwa m'miyezi yofunda, pamene mbalame zikuswa. Mpheta yaikulu imadya njere, koma anapiye ake m'masiku oyamba amafuna tizilombo tofewa: nsabwe za m'masamba, mbozi ndi akangaude. Kumene tizilombo tinali tochepa, anapiye ambiri ankafera m'chisa ndi njala, ndipo opulumuka ankatuluka ali opepuka thupi. Tizilomboto tinachepa chifukwa mabwalo anasintha. Eni nyumba ambiri anazula zitsamba ndi udzu n'kuwaka simenti kuti apeze poimika galimoto, ndipo mipanda yamitengo inalowedwa m'malo ndi matabwa. Madenga akale okhala ndi mipata, momwe mpheta zinkamanga zisa, anakonzedwa n'kutsekedwa ndi pulasitiki.

Palinso matenda. Mu 2019 akatswiri a bungwe la Zoological Society of London ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza m'magazi a mpheta za mumzindawo: pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse zinali ndi malungo a mbalame, ofalitsidwa ndi udzudzu, amene sagwira anthu. M'magulu momwe matendawa anali amphamvu, mbalame zochepa ndizo zinkapyola nyengo ya chisanu. Akatswiri ena anayesa kupatsa mpheta za mu London mphutsi pa nthawi yoswa. Anapiye opulumuka anachuluka ndithu, koma chiwerengero cha mbalame zazikulu sichinakwere kwenikweni. Motero ambiri amavomereza kuti zifukwa ndi zingapo zolumikizana, ndipo botolo la njere palokha silingabwezeretse zimene bwalo lonse linataya.

Komabe nkhaniyi siyathera pa maliro. M'zaka zaposachedwapa kugwa kuja kunachepa liwiro, ndipo ku Scotland, ku Wales ndi ku Northern Ireland mpheta zinayamba kuchulukanso. Mu London momwemo alipo amayi amene amasiya dala ngodya ya bwalo kuti udzu ukule, amabzala zitsamba zowirira, amakhoma timabokosi ta zisa pansi pa denga, ndiponso amatsuka zodyetsera kawirikawiri kuti mbalame zisapatsirane matenda podyera pamodzi. Kwa ife amene tinaphunzitsidwa kuti bwalo la mayi waukhondo limaseseka mpaka kuwala, zimenezi zimaoneka zachilendo poyamba. Koma ukhondo wa pakhomo sulimbana ndi chitsamba chimodzi chosiyidwa kuseri.

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Anthu a ku London anadziwa mtengo wa mpheta itasowa m'minda yawo yachifumu, ndipo mwayi wawo unali wakuti wina anali atalemba chiwerengero mu 1925. Inu amene muli ndi ana kapena abale ku Britain, auzeni kuti kumapeto kwa Januwale apatule ola limodzi akhale pazenera ndi adzukulu anu, awerenge nawo. Ndipo ife tomwe, popeta mphale kapena poyanika ufa, tiziyang'ana mbalame zimene zikutera pafupi, tizidziwe maina ndi kuchuluka kwake, kuti mwana akadzafunsa mmene zinalili kale, tidzakhale ndi yankho loona.