Cork ichoke kaye, matailosi abwere pambuyo

Nyumba zambiri zimene ndimakonzamo mabafa kuno ku Leicester ndi zakalekale, ndipo amene ankakhalamo m'zaka za m'ma 1970 ankaikonda cork. Ankaimata pansi, ena mpaka kukhoma. Cork ndi ija imatseka mabotolo a vinyo, khungwa la mtengo wina wa oak umene amausenda kamodzi pa zaka 9 osaudula, ndipo pafupifupi theka la cork ya padziko lonse limachokera ku Portugal. Ndi yofewa, yofunda kumapazi. M'mawa wa mu Januwale, utangodzuka wopanda nsapato, umamvetsa chimene ankaikondera.

Eni nyumba amafunsa zofanana: "Simungangoyala matailosi pamwamba pomwepo?" Akufuna kupulumutsa ndalama, sindiwaimba mlandu. Koma ndimakana, ndipo ndimawapondetsa okha ndi chidendene. Cork imalowa pang'ono n'kubwerera. Tailosi ndiye sadziwa kupindika. Choyamba kung'aluka ndi grout ya m'mizere, kamng'alu konga tsitsi, madzi n'kuyamba kulowera pamenepo tsiku ndi tsiku. Pakapita miyezi ukagogoda ndi chala umamva kuti pansi pali mphako, kenako tailosi amathetheka pakona. Chinanso, cork ya m'bafa ankaipaka vanishi kuti isamwe madzi, ndipo simenti yomatira matailosi siigwira pa vanishi.

Kukhoma ndiye kumandiopsa kwambiri. Pulasitala wabwinobwino amanyamula makilogalamu 20 okha pa sikweya mita, kuwerengera matailosi ndi simenti yake. Ukamata pa cork, katundu yenseyo wamupachika pa guluu wa zaka 50, pamwamba pa bafa limene ana amasambiramo. Ine dzanja langa sindiikapo.

Tsono timachotsa. Ntchito yake ndi yamaondo, yosasangalatsa m'pang'ono pomwe: chitsulo chopalira, makina opemerera mpweya wotentha kuti guluu afewe, ndi kupirira. Ina imasendeka yonse bwinobwino, ina imachoka tizibenthutizibenthu mpaka dzuwa kulowa. Mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi ndinamuuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Ukaona guluu wakuda ngati phula, ika zida pansi, undiitane." Guluu wakuda wakaleyo nthawi zina amakhala ndi asbestos, amene ku Britain anamuletseratu mu 1999, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Ameneyo sitimupala ndi makina. Kachidutswa kamapita kukayezedwa kaye, mwini nyumba adandaule za kuchedwa mmene angathere.

Cork ikachoka m'pamene umaona zoona zake za bafalo. Mabafa ambiri kuno ali m'chipinda cham'mwamba, pansi pake ndi matabwa osati konkire ngati kwathu, ndipo pafupi ndi chimbudzi sipalephera kupezeka thabwa lofumbwa ndi chinyezi. Lowola timasintha, logwedera timalimanga ndi masikuluwu, osamala mapaipi ndi mawaya odutsa pansi. Pamwamba timayala mabolodi a simenti okhuthala mamilimita 6, omata komanso okhomera, molumikizira n'kuikamo tepi. Posambira timapaka mankhwala otchinga madzi. Simenti yomatira ikhale ija yolola kusuntha pang'ono, yopakidwa ndi chipande cha mano, ndipo m'makona timaika silikoni, osati grout.

Alipo anzanga amene amangokhomera mabolodi pamwamba pa cork ikakhala yogwira bwino. Nthawi zina zimawayendera. Chimene chimandiletsa ine n'chakuti sunaone chimene wakwirira, komanso pansi pamakwera kwambiri. Ngakhale utachotsa cork, bolodi, simenti ndi tailosi zimakweza pansi pafupifupi masentimita awiri. Chitseko chiyenera kuzulidwa n'kudulidwa kunsi, paipi ya chimbudzi ionedwenso ngati ikulumikizana, ndipo pakhomo paikidwe kachitsulo kotsetsereka kuti agogo asapunthwe usiku. Zonsezi ndimazilemba pamtengo wa ntchito tisanayambe, chifukwa mkangano wa chitseko umabwera tsiku lolipira.