Lachisanu Lililonse pa 19:00

Nkhani yotuluka m'zigawo ndi ngongole. Ukatulutsa gawo loyamba n'kulemba kumapeto kwake kuti "ipitirira Lachisanu", wakongola kale, ndipo eni ngongoleyo suwadziwa nkhope: mtsikana woluka tsitsi ku Kabwata, kondakitala wa minibasi ya ku Matero, mlonda wochezera pageti ku Kabulonga foni ili m'manja. Sabwera kudzagogoda pakhomo. Ukawanamiza kawiri amangoleka kutsegula.

Yanga ndaitcha "Mgodi wa Chunga", ndipo ikuchitika m'chaka cha 2090. Mkuwa wa ku Copperbelt watha. Dzala lathu lino, kumene mathiraki amakhuthula zinyalala za Lusaka, lasanduka mgodi, anthu akukumba mafoni ndi mawaya a makolo awo kuti achotsemo mkuwa womwe unachoka m'dziko muno kalekale n'kubwerera uli m'katundu wogula. Mtsikana wina, Tisa, afukula foni yomwe ikulankhulabe.

Aphunzitsi anzanga amafunsa chifukwa chake sindilemba zachikondi, zimene anthu amakonda. Ena amati za m'tsogolo ndi za azungu. Ndimawakumbutsa za Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi ngati ife, amene mu 1960 anayambitsa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Kuno ku chigwa cha Chunga ankalowetsa achinyamata mu dilamu n'kuigubuduza kuchokera pa chitunda kuti azolowere za mumlengalenga. Anafuna kutumiza mtsikana Matha Mwamba ku Mars pamodzi ndi amphaka awiri, anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO, ndipo roketi yake, D-Kalu 1, ankati inyamuke pa 24 October 1964, tsiku la ufulu. Sinanyamuke. Atolankhani akunja anaseka mpaka misozi, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati mkuluyo ankanena zoona kapena ankanyoza atsamunda mochenjera. Ine chimene ndimaona n'chakuti munthu anaima pa dothi lino n'kuyang'ana ku Mars osapempha chilolezo. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka, anamuika m'buku lake la The Old Drift la 2019, lomwe mu 2020 linapata mphoto ya Arthur C. Clarke. Ku Malawi Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom. Onse awiri analemba m'Chingerezi, ndipo ana a m'kalasi mwanga amakhulupirira kuti anthu a m'tsogolo salankhula Chinyanja.

Kukonzekera kwake kulibe zokometsera. Zigawo 12, chilichonse mawu pafupifupi 800, chifukwa munthu amawerenga pafoni ali m'basi kuchokera ku City Market, ndipo afunika kumaliza asanatsike. Ndimatumiza mawu okhaokha pa WhatsApp ndi pa Facebook, popanda zithunzi zolemera, kuti wa bando ya tsiku limodzi asadandaule. Ndinalemba zigawo zisanu ndi zitatu pa holide ya August ndisanatulutse ngakhale chimodzi. Aliyense amene wagwirapo choko adziwa chifukwa chake: temu yachitatu ndi ya mayeso, makope amaunjikana, ndipo mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Wolemba gawo Lachinayi usiku kuti lituluke mawa lake akuseweretsa anthu.

Mapeto ndinawadziwa ndisanalembe chiyambi. Gawo lililonse liyankhe funso limodzi n'kutsegula lina. Osamangodula nkhani pakati pa chiganizo ngati wakuthera mayunitsi. Owerenga a m'komboni amazindikira msanga akamanyengedwa. Makolo athu ankasonkhana pa wailesi kumvera Julius Chongo mu Pocheza M'madzulo, ndipo chinkawabweza sabata yotsatira chinali chakuti yapitayo anakhuta.

Kumene ndimathera nthawi yaitali ndi pa mawu. Ukalemba kuti "loboti inalowa m'nyumba", mwana wa mu Lusaka aona nyale zapamsewu za pa Great East Road zikuyenda. Kupeka mawu aatali a m'dikishonale nakonso kumapha nkhani. Ndinaganiza za mmene ife timatchulira zinthu zatsopano: timazipatsa maina achipongwe. Choncho anthu a mu 2090 amatcha timakina touluka ta apolisi "akabawi", chifukwa timatsika mwadzidzidzi ngati mbalame yogwira anapiye. Makina okumba amawatcha "anyerere". Sindifotokoza. Tisa akafuula kuti akabawi afika, anzake n'kubisala pansi pa malata, wowerenga wamva kale. Ndipo a ku Chunga a nthawi imeneyo salankhula Chinyanja cha pa mayeso. Amasakaniza zilankhulo monga timachitira ife, chifukwa sindikhulupirira kuti zaka 60 zingachotse "manje" pakamwa pa munthu wa mu Lusaka.

Ubwino wa zigawo ndi wakuti owerenga amayankha nkhani isanaume. Andy Weir ankaika The Martian pa intaneti mutu ndi mutu kwaulere, owerenga n'kumamukonza pa masamu ndi sayansi, kenako anaigulitsa pa Kindle masenti 99 isanakhale filimu mu 2015. Mike Maphoto wa ku South Africa anatchuka chimodzimodzi mu 2013 ndi Diary of a Zulu Girl. Kwa ine, wokonza mafoni wina m'tauni ananditumizira mavoisi atatu ofotokoza zimene zimatsala mu foni ikakhala m'dothi nthawi yaitali, ndipo zimenezo zinalowa mu gawo 9. Koma pali malire. Anthu ambiri apempha kuti mchimwene wa Tisa asafe. Ndawerenga mauthenga awo onse, ena ndaseka nawo. Zimene zimuchitikire mu gawo 11 sizisintha.

Za ndalama ndinene mosabisa. Nkhani ya pa WhatsApp imayenda ngati moto wa m'tchire, ndipo pofika gulu lachisanu dzina la wolemba limakhala litadulidwa. N'chifukwa chake ndimaika dzina langa ndi nambala ya gawo pakati pa nkhani, osati pamwamba pokha. Zigawo zonse 12 n'zaulere. Zikatha ndidzazisonkhanitsa kukhala buku la PDF, ndi mutu umodzi woonjezera, pa K30 kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Ana a sukulu imene ndimaphunzitsa sadzalipira ngakhale ngwee. Mphunzitsi wogulitsa malonda kwa ana amene amawachongera mayeso amadziitanira milandu.

Pakali pano tili pa gawo 7. Foni ija yauza Tisa dzina la mwini wake, ndipo dzinalo lili pa mwala ku manda a Chunga. Gawo 8 lituluka Lachisanu pa 19:00.