Za Kuonetsa Mwana Tsiku Lake

Ife a kunyanja kuno ku Nkhotakota sitiyamba tsiku tisanaone zizindikiro zake. Msodzi wa ku Chia asanakankhe bwato amayang'ana mitambo ndi mafunde, nadziwa ngati mwera uli pafupi. Opha usipa amawerenga mwezi, pakuti usiku wa mdima ndiwo nyali zawo zimakopa nsomba. Ku Linga belu la All Saints limatiitana, ndipo tikalowa m'nyumba ya Mulungu, nsalu ya paguwa imatiuza nyengo: ya chibakuwa pa Lenti, yoyera pa Pasaka. Abale athu Asilamu nawonso sayamba kusala mwezi usanaoneke. Chotero tonsefe mtima umakhala pansi pamene maso aona chimene chilinkudza.

Koma pakati pathu pali ana amene tsiku limawagwera ngati namondwe. Mwana wotere amachedwa kulankhula, kapena amangobwereza mawu amene wamva. Sayang'ana munthu m'maso. Amafuna mbale yomweyo ndi njira yomweyo masiku onse. Ndipo mukamchotsa mwadzidzidzi pa chimene alikuchita, amalira, nadzimenya, nagubuduka pansi. Ena amati analodzedwa, ena amati ndi mwano, enanso amaloza chala amake. Madokotala amatcha chikhalidwe chimenechi autism. Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore, analemba za ana 11 otere m'chaka cha 1943, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali chomwecho. Si ufiti ayi, kapena tchimo la makolo. Ubongo wa mwanayo unakula mwa njira ina. Palinso ana ena ochedwa kugwira zinthu chifukwa cha malungo a muubongo kapena kubadwa movutikira, ndipo zimene tinena pano zithandiza iwonso.

Taonani tsono chimene chimamsautsa mwanayo. Ife timati, "Dzuka, samba, umwe phala, tipite kusukulu." Mawu amenewa ali ngati mapazi pamchenga, funde likadza afafanizika. Mwana wagwira liwu loyamba lokha, ena onse amthawa, ndipo sadziwa kumene tilikumkokera, kapena ngati adzabwerera. Koma chithunzi sichithawa. Angathe kuchiyang'ana kasanu, nachipeza chili chomwecho. Pozindikira ichi, Eric Schopler ndi anzake ku North Carolina, mu ntchito yotchedwa TEACCH imene inakhazikitsidwa m'dera lonselo mu 1972, anaphunzitsa makolo kuyala ntchito za tsiku pamaso pa mwana; pakuti iye anakana bodza lakuti makolo ndiwo olakwa, nawayesa aphunzitsi anzake.

Ndandanda ya zithunzi siifuna chuma. Tengani katoni, mudule timapepala, mujambulepo kapu, sopo, nsapato, sukulu, mbale ya kondowole, mphasa. Kapena mujambule zinthu za pakhomo panu ndi foni. Muzipanike pachingwe motsatana, pamalo amodzi amene maso a mwana afikapo. Musayambe ndi zambiri. Ziwiri zikwana, choyamba ndi chotsatira: kusamba, pambuyo pake phala. Nthawi ikafika, mtsogolereni ku chingwecho, mulozere, munene liwu limodzi lokha, lomwelo masiku onse. Ntchito ikatha, iye mwini achotse chithunzicho, nachiponye m'chitini. Apo adziwa kuti chatha, ndi kuti chovuta chilichonse chili ndi mapeto ake. Ngati sanayambe kuzindikira zithunzi, mpatseni chinthu chenicheni m'manja: supuni ikhale mawu a chakudya, sopo akhale mawu a kusamba. Ndipo pamene maliro kapena mvula zasintha tsiku, musambisire. Sinthani chithunzi iye akuona, nthawi isanafike.

Musaope kuti zithunzi zidzamtseka pakamwa. Kawirikawiri zimamtsegulira njira, pakuti liwu ndi chithunzi zimayendera limodzi. Musayembekezenso kuti adzamva sabata yoyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chifukwa china chachikulu. Ana ambiri a autism amachoka pakhomo mwakachetechete, ndipo madzi amawakoka mtima, osadziwa kuya kwake. Poopa ichi makolo ena amawatsekera m'nyumba dzuwa lonse, ena amawamanga ndi chingwe, mitima ikuwawa. Sitiwaweruza, pakuti mantha awo ndi oona. Koma tiyeni tiike nyanja pa ndandanda, chithunzi cha madzi ndi mwana atagwira dzanja la wamkulu, kuti adziwe kuti nthawi ya kunyanja ilipo, ndi kuti sapitako yekha. Chithunzi sichilowa m'malo mwa maso a mlezi. Koma mwana amene waona kuti madzi ali pambuyo pa chakudya chamasana angathe kuphunzira kudikira.

Ndandanda si mankhwala. Mwana wochedwa kulankhula mupite naye kuchipatala, cha St Anne's kapena cha boma, amuone makutu, aonenso ngati ali ndi khunyu. Kusukulu funsani ngati alipo mphunzitsi wa ana osowa chithandizo chapadera, monga aja amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi, ndipo mumuonetse zithunzi zanu, kuti kunyumba ndi kukalasi mwana apeze chilankhulo chimodzi.

Ndipo inu aphunzitsi a Sande sukulu ndi amayi a mumpingo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Alipo amayi amene anasiya kubwera ku mapemphero chifukwa cha maso a anthu. Jambulani timapepala tinayi, kuimba, kumva mawu, kupemphera, kupita kwathu, mupite nato kwa mayi wotere, mumuuze kuti malo ake ndi a mwana wake alipo pakati pathu.