Nyimbo timaidziwa, nanga mwini wake ndani?

Abale anga a mumsika, lero ndikufuna ndiulule manyazi amene ndinachita ku Chinkhoma, kuno ku Kasungu.

Ndinapita ku okushoni kukatola nkhani ya mitengo ya fodya. Dzuwa lili paliwombo ndinalowa m'kalesitilanti kena kuti ndidye nsima. Pafupi nane panakhala bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma, amene amaliza limba kutchalitchi kwawo. Pafoni pawo pankalira nyimbo yopanda mawu. Inayamba pang'onopang'ono ngati ngolo yolemedwa ndi mabelo, kenaka n'kumathamanga mpaka phazi langa linayamba kugunda pansi lokha.

"Bambo, nyimbo imeneyi ndi ya ndani?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, ameneyu ndi Mikis Theodorakis wa ku Greece," anatero, uku akusamba m'manja.

Anandifotokozera kuti mkuluyu anabadwa mu 1925 ndipo anaphunzira zopeka nyimbo ku Athens ndi ku Paris. Nyimboyo anaipekera filimu ya Zorba the Greek mu 1964. Asilikali atalanda boma la Greece mu 1967 analetsa nyimbo zake zonse, kuimba ngakhale kumvera kumene, ndipo iye anamutsekera. Inu amene munaona nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa mmene zimenezi zimakhalira. Mu 1970 anamulola kupita ku France, ndipo anabwerera kwawo mu 1974 boma la asilikali litagwa. Atamwalira pa 2 September 2021 ali ndi zaka 96, dziko lonse la Greece linakhuza maliro masiku atatu.

Ine ndinali kalikiliki kulemba m'kabuku kanga, kudzimva utolankhani. Basi bambo aja anandiyang'ana n'kuti: "Chabwino, wa ku Greece wamudziwa. Nanga nyimbo ya fuko lathu anapeka ndani?"

Kukamwa kunauma gwa! Inetu nyimbo imeneyi ndaiimba kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4, nditaima njo pa asembule. Ndinayesa kunena kuti kaya ndi a Kamuzu. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Michael Sauka," anatero. "Chaka chomwecho cha 1964 chimene Mgiriki uja ankapeka yakeyo, Sauka anatipatsa yathu. Anabadwa mu 1934, anamwalira mu 1990. Iwe ndi sukulu yakoyo sukumudziwa, eti?"

Nsima sinatsike bwino tsiku limenelo. Chimene chinandipweteka si manyazi okha ayi. Ndinakumbukira bambo anga. Ndili mwana iwo anali tenanti pa esiteti ina. Nazale ankathirira ndi iwo, kuwokera iwo, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi usiku ndi koloboyi. Koma belo likafika ku okushoni, dzina lolembedwa pamenepo linali la mwini esiteti. Fodya akagulidwa bwino, otamandidwa anali bwana. Ndakhala ndikudandaula zaka zonsezi kuti dziko linawaiwala bambo anga, osadziwa kuti nanenso ndikuchita zomwezo kwa munthu amene anandipatsa nyimbo yoimba m'mawa uliwonse.

Madzulo ake ndinayesa anzanga pa depoti ya Kasungu. Wogulitsa chimanga chootcha anati ndi mzungu. Kondakitala wina anati ndi asilikali a ku Zomba. Mayi wina wa tomato yekha ndiye anakhoza, ati anamva kwa mwana wake wa pulayimale.

Tsono inu a mumsika, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Ndani mwa ife sanaperekepo ndalama kwa mnyamata wa kompyuta kuti atidzazire nyimbo mu memory card? Timavina, makasitomala amabwera, koma wopeka nyimboyo sitimudziwa n'komwe, ndipo kaya tambala imamufika kaya ayi sitifunsa. Bungwe la COSOMA lilipo kuti oimba azidyerera thukuta lawo, koma lingatani ngati eni dzikofe tilibe nazo ntchito?

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ananditsina ku Chinkhoma, ndipo khutu likadawawabe. Madzulo ano mukaweruka, afunseni ana anu kuti nyimbo ya fuko anapeka ndani. Akalephera musawakalipire. Auzeni kuti ndi Michael Sauka.