Madzi a m'timabotolo tagalasi

Ife amene tinaphunzira unamwino m'zipatala za mishoni m'zaka za m'ma 1970 tinkawalemekeza madzi. Penisilini ankabwera ali ufa woyera m'kabotolo kotsekedwa ndi labala, ndipo kuti akhale jekeseni tinkamusungunula ndi madzi akeake, a m'timabotolo tagalasi topanda chivindikiro. Unkacheka khosi lake ndi katupa, n'kugwira ndi thonje, thyo! Madziwo anali otchezedwa monga amachitira ndi kachasu, nthunzi yokha ndiyo yosanduka madzi, kenaka n'kuwaphikanso ali otsekera kuti musatsale kachilombo ngakhale kamodzi.

A Sisitala amene ankatiyang'anira, Mulungu awasunge, sankalola kuti kabotolo kothyola kagone mpaka mawa. Otsala ankatayitsa ife tikuona, mtima ukutipweteka, pakuti katundu ankachedwa kufika nthawi ya dzinja, msewu ukaterera. Ndiwonso anatiphunzitsa kuti madzi oyerawo, ndi kuyera kwawo konse, saikidwa okha mu diripi. Alibe mchere, choncho akalowa ambiri mumtsempha, maselo ofiira a magazi amafufuma n'kuphulika. N'chifukwa chake diripi yamchere imakhala ndi magalamu 9 pa lita. Ndinali kamtsikana, koma zimenezi zinandilowa mpaka lero.

Chimene ndimachisowa kwambiri ndi m'mawa wa m'kachipinda kowiritsira zida. Pulayimasi ili kulira, masirinji agalasi ndi masingano zikugwedezeka m'poto, wina akuyang'ana wotchi, chifukwa mphindi 20 zinkayamba kuwerengedwa madzi akabwadamuka, osati poyatsa moto ayi. Singano yobuntha tinkainola pamwala, n'kuipititsa pathonje. Ikakola ulusi, yabwereranso pamwala. Tinkaimba nyimbo za kwaya chapansipansi, manja ali kalikiliki. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, pang'ono ndi pang'ono kunabwera masirinji apulasitiki obayira kamodzi n'kutaya. Zinapulumutsa anthu ambiri, ndipo ndimayamika.

Kumudzi kunalibe timabotolo timeneti, ndiye tinkaphunzitsa amayi kudzipangira madzi abwino pamafuwa: awire ndithu, azizire ali ovindikira, asapisidwe chikho chakuda. Obayira jekeseni sangakhale, koma otsukira chilonda, opukutira manthongo a khanda ndi omwetsa wodwala, amakwanira. Mwana akatsekula m'mimba tinkati lita imodzi, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere. Lita ankaiyeza ndi mabotolo a Fanta, atatu ndi pang'ono. Timapaketi ta Thanzi tinadzabwera pambuyo.

Amayi amenewo, abale anga, ankamvetsera ndi mtima wonse. Ena sankadziwa kulemba dzina lawo, koma muyezo sankauphonya. Pa sikelo yotsatira ankafika mwana ali kumbuyo, liwombo litadzaza, n'kundigwira dzanja kuti ndimuone, ena atanyamulanso mtedza kapena mazira m'kansalu, kukana kwanga konse osakumva.