Mawu a agogo anagona m'nyumba ya lendi

Pa holide yapitayi ndinakhala masabata atatu kumudzi ndi agogo anga aakazi, kope lili m'manja, ndikulemba mawu amene ife okulira m'tauni tinasiya kutchula. Mayina a ziwiya zadothi, a madengu, a magawo a nkhokwe, a ntchito zonse zimene chimanga chimadutsamo chisanafike pa mbale. Inali ntchito ya kalasi, ya phunziro lathu la nthano ndi miyambo yapakamwa. Titatsegulira sukulu ndinapeza kuti anzanga nawonso abwera ndi makope odzaza, wina kuchokera ku Dedza, wina ku Nkhotakota, wina ku Ntcheu, ndipo chinthu chimodzi chomwecho chinali ndi mayina atatu. Ndiye ndinaganiza zopanga katsamba ka pa intaneti koti aliyense azilembapo mawu a kwawo, tanthauzo lake, ndi boma limene anawamva.

Ine sindiphunzira za makompyuta. Ndinapita kwa mnzanga wina amene amaphunzira zimenezo, ndipo madzulo amodzi okha anandilembera kapulogalamu ka Python pogwiritsa ntchito Flask, n'kukatumiza ku Heroku kuchokera pa laputopu yake. Anandiuza kuti, "Aise, uyikenso zida zake pa makina ako, uziyesa wekha usanatumize." Ndinayankha kuti ndamva. Mumtima ndinati za chiyani, tsamba likugwira kale ntchito, adiresi ndagawa kale pa gulu lathu la WhatsApp.

Usiku umenewo anthu analemba. Mtsikana wina anaimbira foni azakhali ake, akulemba pomwepo pa tsamba zimene amamuuza, osasunga pena paliponse. Inenso ndinawonjezera mawu ena a agogo amene sanali m'kope, amene ndinkangowakumbukira. M'mawa mwake nditatsegula ndinapeza tsamba lili mbee, ngati palibe analembapo.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndinene zimenezi poyera. Kapulogalamu kaja kankasunga mawu mu fayilo imodzi ya SQLite, mnzanga ataika mongoyembekezera kuti ndione mmene zikuonekera. Anandiuzanso kuti tikonze zimenezo anthu asanayambe kulemba, ine n'kuthamangira kugawa adiresi. Ku Heroku pulogalamu imayenda m'kachipinda kotchedwa dyno, ndipo kachipindako kamasesedwa nthawi iliyonse kakazimitsidwa n'kuyatsidwanso, zomwe zimachitika pafupifupi tsiku lililonse. Fayilo iliyonse imene pulogalamu yalemba mmenemo imapita. Zimenezi sizobisika, zinalembedwa momveka m'malangizo awo. Ndinali ndisanawerenge ngakhale mzere umodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ine fodya wa kalasi yonse ndinamuika pachala.

Kupepesa kwa mtsikana uja kunandivuta kuposa mayeso aliwonse amene ndalembapo. Azakhali ake anawaimbiranso, koma akuti tsiku lachiwiri sanakumbukire zonse zimene ananena tsiku loyamba. Aliyense amene wakhalapo ndi munthu wachikulire amadziwa zimenezi: mawu amabwera nkhani ikakoma, sabwera chifukwa wawaitana.

Apa m'pamene ndinakhala pansi kuti ndiyike zida zija pa laputopu yanga yakale ya Windows. Zinanditengera Loweruka ndi Lamulungu lathunthu, ndiponso bandulo imene ndinasungira sabata yonse.

Zida zake n'zinayi: Git, Python, pulogalamu ya Heroku CLI, ndi PostgreSQL. Kudawuniloda ndi kudina Next sikovuta, sindikhalitsapo. Vuto linayamba nditatsegula terminal, kabokosi kakuda kaja kamene anthu a m'mafilimu amalembamo akamaba ndalama kubanki. Ndinalemba heroku --version, kompyuta n'kundiyankha kuti dzina limeneli silikudziwika. Ndinayikanso kachiwiri, yankho lomwelo. Ndinatsala pang'ono kudawunilodanso kachitatu pamene ndinaphunzira za chinthu chotchedwa PATH, mndandanda wa mafoda amene kompyuta imayang'anamo ukaitana pulogalamu ndi dzina. Kabokosi kamene ndinatsegula ndisanayike pulogalamuyo kanali kakugwirabe mndandanda wakale. Mankhwala ake anali kutseka kabokosiko n'kutsegula kena. Basi. Maola awiri anathera pamenepo.

Git ndiye ndinaikonda msanga, mwina chifukwa choti ndine wa zolembalemba. Linus Torvalds anaipanga mu 2005 kuti azisungira ntchito ya Linux, koma ukaiona bwino ndi chinthu chimene aliyense wofufuza zolembedwa zakale amalakalaka wolemba wake akanakhala nacho. Ukasintha kanthu umalemba git commit ndi kachiganizo kofotokoza chimene wasintha, ndipo imasunga zonse: mmene fayilo inalili, mmene ilili tsopano, tsiku, ndi amene wasintha. M'kalasi timatha maola ambiri tikukangana kuti wolemba wakutiwakuti anafufuta liti ndime yakutiyakuti, nanga chifukwa chiyani. Apa mayankho amakhala alipo kale. Ine amene ndinazolowera kusunga mafayilo a mayina ngati "nkhani yomaliza", "nkhani yomaliza yeniyeni", "nkhani yomaliza yotumiza", ndinachita manyazi pang'ono. Ndipo Heroku imalandira ntchito yako kudzera mwa Git yomweyo. Ukalemba git push heroku main, ndiye kuti watumiza.

Kenako panabwera tinthu ting'onoting'ono timene palibe amakuuza chifukwa kwa odziwa n'tosafunika kutchula. Heroku imafuna fayilo yotchedwa Procfile, ya mzere umodzi wokha, yonena lamulo loyambitsira pulogalamu yako. Dzinalo liyenera kukhala lomwelo, P wamkulu, popanda chilichonse kumapeto. Ndinailemba mu Notepad, yomwe inawonjezera .txt mwakachetechete, ndipo Windows imabisa timichira timeneti pokhapokha uiuze kuti izitionetsa. Ndinkayang'ana fayilo yolembedwa Procfile pa sikirini, makina akundiuza kuti fayiloyo palibe. Nditakonza zimenezo ndinapeza kuti gunicorn, pulogalamu imene Procfile yathu inkaitana, siyenda pa Windows n'komwe, imafuna Linux kapena achibale ake. Ndinalemba Procfile yachiwiri ya pa makina anga okha. Palinso requirements.txt, mndandanda wa tizidutswa tonse ta Python timene pulogalamu imadalira pamodzi ndi manambala ake, kuti zimene zili kwa iwe zikhale zomwezo zimene Heroku iyike kwawo. Palinso .env, mmene umasungamo zinsinsi ngati adiresi ndi pasiwedi ya database, fayilo imene suyenera kuipereka kwa Git ngakhale pang'ono, chifukwa Git siiwala.

Lamulungu madzulo ndinalemba heroku local, n'kutsegula localhost pa browser. Tsamba lija linatuluka. Linali lomwelo, koma tsopano likuyenda pa laputopu yanga, pa tebulo langa, data nditazimitsa.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika nditayesa kulowetsa mawu a m'kope la agogo, amene ndinali nditawataipa mu fayilo ya CSV. Ndikamalemba wamba ngati pano sindivutika ndi ŵ wa kadenga, ambirife tinamusiya. Koma m'mawu a agogo ndinamulemba dala, chifukwa iwo amamutchula, ndipo amasiyana ndi w wamba. Pa sikirini panatuluka "maÅµa" m'malo mwa "maŵa", "nthaÅµi" m'malo mwa "nthaŵi". Ndinaseka kaye, kenako ndinachita mantha. Chifukwa chake n'chakuti fayilo yanga inasungidwa mu UTF-8, mmene ŵ amalembedwa ndi mabayiti awiri. Python ya pa Windows, ukapanda kuiuza, inkawerenga fayiloyo ndi ndondomeko yakale yotchedwa cp1252, yopangidwira zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, mmene mulibe ŵ. Mabayiti awiri aja inawatenga ngati zilembo ziwiri zosiyana, Å ndi µ. Kukonza kwake kunali kuwonjezera encoding="utf-8" pa mzere umodzi. Koma taganizani ndikanalowetsa zinyalala zimenezo mu database yeniyeni, anthu n'kuyamba kuzikopera mu ntchito zawo. Mnzanga wa makompyuta uja sakanaziona msanga, chifukwa iye w ndi ŵ sasiyanitsa, ndipo si ntchito yake. Wodziwa kuti pamenepo palakwika ndine. Ndiye ngati ine sinditha kuyendetsa pulogalamuyo pandekha, wodziwa chilankhulo ndi woona zolakwika amakhala anthu awiri osiyana, ndipo chilankhulo ndicho chimavulala.

Pambuyo pake ndinapeza kuti anthu a ntchitoyi analiganizira kale vuto limeneli. Adam Wiggins, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Heroku mu 2007, analemba mfundo 12 zotchedwa The Twelve-Factor App, ndipo ya nambala 10 ikunena zoti makina amene ukuyeserapo afanane momwe zingathekere ndi amene pulogalamu ikakhalepo. N'chifukwa chake ndinayika PostgreSQL pa laputopu ngakhale ndi yolemera kuposa SQLite: ku Heroku mawu athu tsopano amasungidwa mu PostgreSQL, yomwe ili payokha kunja kwa dyno ndipo sisesedwa nayo. Ukamayesera pa china n'kutumiza pa china, umakhala ngati woyimba amene waphunzira nyimbo ndi gitala koma pa siteji apeza ng'oma.

Pali anzanga a mbali yathu ya maphunziro amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, ntchito ya ife ndi kuganiza, mawaya tisiyire eni ake. Mbali ina akunena zoona, ndivomere. Pa ntchito ya kalasi yokha, fomu ya Google ikanakwanira, ndipo mawu a azakhali aja akanakhalapo mpaka lero. Si aliyense ayenera kuphunzira Git, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye kuwerenga mabuku ake n'kumakalimbana ndi PATH. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti malo amene mawu akusungidwa si nkhani yathu. Timaphunzitsidwa kufunsa kuti ndani analemba mbiri yathu, anaisunga kuti, ndani ali ndi makiyi a nyumba yosungiramo zakale. Timadandaula ndi zolembedwa za makolo athu zimene zili m'malaibulale a ku Ulaya. Koma tikafika pa zathu za lero, timaziponya "ku mitambo" osafunsa kanthu, ngati kuti kumitamboko kulibe mwini.

Mwini alipo. Heroku ndi ya kampani ya Salesforce, imene inaigula mu 2010, ndipo mapulogalamu wamba ngati yathuyi amayenda pa makina a ku America kapena ku Ulaya. Kwa zaka zambiri ophunzira ankaikako ntchito zawo kwaulere, mpaka pa 28 Novembala 2022 pamene mwayi waulerewo unatha. Ndondomeko yotsika mtengo ya Eco imene tinasankha ndi madola 5 pa mwezi, database ili ndi mtengo wake pambali, ndipo pulogalamu imagona pakadutsa mphindi 30 popanda woitsegula, moti munthu woyamba kubwera amadikira pang'ono kuti idzuke. Ndalama zake zimalipiridwa ndi khadi, m'madola. Kwa ife akulipira ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina adzatopa kapena adzaiwala. Sindikudandaula, nyumba ndi ya eni ake ndipo lendi amaika okha. Ndikungonena kuti ndi lendi. Munthu wa lendi wanzeru amadziwa pamene pali katundu wake yense, ndipo amatha kusamuka usiku umodzi.

Zida zija n'zimene zinandipatsa mphamvu yosamukayo. Pulogalamu yonse, ndi mbiri yake yonse, ili mu Git pa laputopu yanga. Lachisanu lililonse ndimalemba heroku pg:pull, lamulo limene limakopera database ya kumitambo kubwera nayo pa makina anga, kenako ndimaikopera pa fulashi imene imakhala m'chikwama cha mabuku. Heroku itatseka mawa, kapena achimwene atasiya kulipira, nditaya adiresi yokha. Kuwonjezera apo, ntchito yambiri ndimaigwira popanda intaneti. Magetsi akazima ndimapitiriza mpaka batire lithe, ndipo data ndimayatsa pa mphindi yotumiza yokha. Kwa wophunzira wowerengera bandulo, chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira.

Mwezi watha ndinapita kumudzi pa Loweruka, laputopu ili m'chikwama. Kwa agogo netiweki imagwira ukakwera pa chulu cha kuseri kwa khola, nayonso ya apo ndi apo. Tinakhala pa mphasa pakhonde, ndinalemba heroku local, tsamba n'kutuluka. Ndinayamba kuwawerengera mawu awo mmodzimmodzi, iwo akugwedeza mutu, nthawi zina akuseka katchulidwe kanga. Nditafika pa nkhali anandiimitsa.

"Wati chiyani pamenepo?"

"Ndalemba kuti nkhali ndi mphika, agogo."

"Iwe, mphika ndi wa ndiwo. Nkhali ndi ya nsima. Ukapita kwa eni ake n'kukaphika nsima mu mphika adzakuseka. Fufuta."

Ndinakonza ali pomwepo, akuyang'anitsitsa sikirini ngakhale sawerenga. Anafunsa ngati anthu a ku Nkhotakota aja aziona zimene akonzazo. Ndinati aziona ndikabwerera kusukulu. Anati ndiye ndisathamange, pali mbiya ndi mtsuko zimene akukayika ngati ndinazilemba bwino, ndipo batire linali litatsala ndi 31 peresenti.