CHIKANGA CHISATIKHAZIKE PANSI

Abale ndi alongo, ife amene timavutika ndi chikanga cha m'miyendo timadziwana ndi kakhalidwe kathu pa mphasa. Munthu wakhala bwinobwino, akumvera ulaliki kapena akuphunzitsa ana, koma dzanja latsikira kale ku msongolo ndipo likukanda mwini wake osadziwa.

Khungu labwino lili ngati denga lofolera bwino, limasunga chinyezi mkati ndi kutchinga zoipa zakunja. Khungu la chikanga ndi denga lothonya. Limauma msanga, limachita timing'alu, ndipo sopo, fumbi ndi thukuta zimalowerera n'kuyambitsa kuyabwa. Tikakanda timamva kukoma kwa kanthawi, koma zikhadabo zimawonjezera ming'alu ija ndipo kuyabwa kumabwerera ndi mphamvu. Nthendayi kawirikawiri imayenda kumtundu, pamodzi ndi mphumu, koma sipatsirana ayi. Choncho palibe chifukwa chosendera kutali ndi mnzathu pa mzere mumzikiti, kapena chokhazika mwana payekha ku madrasa. Mwana amene anzake amamuthawa sachedwa kuyamba kujomba.

Kunyanja kuno nyengo zonse zili ndi vuto lake. Mu Okutobala ndi Novembala thukuta limachuluka, ndipo mchere wake umaluma pa khungu long'aluka. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imaumitsa miyendo mpaka kutuwa. Pachifukwa ichi timaona anyamata akusiya mpira, akuluakulu akusiya kuyenda wapansi kupita ku Ijuma, poganiza kuti akakhala phee khungu lipola. Komatu khoka silidzikoka lokha, mpunga sudziwokera wokha, ndipo ifenso ana amatidikira tsiku ndi tsiku, njinga tiyenera kupalasa basi. Kukhala pansi sikuchiritsa chikanga. Kwa achikulire amene akakolo amatupa ndi kuyabwa chifukwa magazi sakubwerera bwino kumtima, kuyenda ndiko kumathandiza, pakuti akatumba akamagwira ntchito amakankhira magaziwo m'mwamba. Chomwe chimativulaza ndi thukuta louma pakhungu limodzi ndi fumbi.

Tsono ife timachita motere. Tisananyamuke timadzola miyendo Vaseline wamba wopanda fungo. Timavala thalauza la thonje lotayana, chifukwa nayiloni amasunga kutentha. Tikafika kumene tikupita, kapena tikaweruka kuntchito, timatsukuluza miyendo ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osati otentha. Sitikwecha ndi mwala kapena chinkhupule, ndipo popukuta timangosindikiza nsalu. Kenaka timadzola nthawi yomweyo khungu likadali lofewa, pakuti mafuta sabweretsa madzi, amangotsekera amene alipo kale. Kudzola kamodzi patsiku sikukwanira. Kawiri kapena katatu ndiye kumaoneka phindu. Amayi pochapa asamaime m'thovu la sopo waufa, ndipo anyamata avule masokosi a mpira masewero akangotha. Zikhadabo zikhale zowenga. Usiku kukayabwa, nsalu yoviika m'madzi ozizira imaziziritsa bwino kuposa chala.

Ambiri amatifunsa za wuzu, popeza timasambitsa mapazi kangapo patsiku ndipo madzi akauma amasiya khungu louma koposa. Tikumbutsane kuti malire a wuzu ndi akakolo, monga mmene zilili mu Surah Al-Maidah ndime 6, kotero palibe chotikakamiza kunyowetsa msongolo wonse. Kusambitsa kamodzi mokwanira ndiye faradhi, katatu ndi sunna. Wuzu sufuna sopo. Wuzu umodzi ukhoza kutifikitsa kuyambira Maghribi mpaka Isha ngati sunaonongeke. Mafuta timadzola tikamaliza wuzu, ndipo ngati pa phazi patsala mafuta ochindikala oti madzi sangafike pakhungu, timayamba tawapukuta. Amene ali ndi bala lomangidwa bandeji, kapena amene dokotala wamuletsa kunyowetsa phazi, chipembedzo chinamupatsa chilolezo cha kupaka madzi pamwamba pa bandeji kapena kuchita tayamamu. Aonane ndi shehe wake kuti amulongosolere kachitidwe kake, asasiye swala chifukwa cha bala.

Mafuta okha akalephera, tipite kuchipatala. Kumeneko amapereka mankhwala opaka monga hydrocortisone wa 1%, amene timapaka pang'ono pamalo odwala pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku, kwa masiku amene dokotala wanena. Tichenjere ndi machubu a pamsika amene ena amayeretsera khungu. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone kapena clobetasol. Kuyabwa kumaleka msanga, koma akapakidwa miyezi yambiri khungu limapyapyala ndi kung'ambika mosavuta. Dziwaninso kuti si kuyabwa konse kuli chikanga. Ngati nyumba yonse ikukanda usiku, makamaka pakati pa zala, mwina ndi mphere, ndipo onse ayenera kulandira mankhwala pamodzi. Ngati pali chozungulira chokhala ndi mkombero, mwina ndi chipere, chimene chimakula mukachipaka mankhwala a chikanga. Pakatuluka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, mwendo ukatupa ndi kutentha, kapena thupi likatentha, tisagone, ndiye kuti balalo lalowa tizilombo. Odwala shuga asadikire n'komwe, ngakhale bala litachepa bwanji.

Chikanga chimapita ndi kubweranso, ndipo ana ambiri chimawachepera akamakula. Makolo, mwana wanu musamuletse mpira kapena kusewera ndi anzake pamchenga. Muikireni kabotolo ka mafuta m'thumba la mabuku, mumuphunzitse kutsukuluza ndi kudzola yekha, ndipo mutiuze ife aphunzitsi kuti tizimukumbutsa akamaliza wuzu wa Asri. Allah atipatse tonse machiritso. Amin.